Mulembe kuti? Kuyerekeza malo otulutsirako zolemba pa intaneti kwa mlembi wa Chichewa

Kwa zaka zambiri mlembi wa Chichewa anali ndi makomo owerengeka. Ukalemba nthano kapena ndakatulo unkatumiza ku Tamvani wa mu Weekend Nation, ku Tikambe wa mu Malawi News, kapena ku magazini ya Moni, n'kuyamba kudikira. Masamba a Chichewa m'nyuzipepala ndi ochepa pomwe olemba ndi ambiri, ndipo mkonzi, ngakhale akhale wokoma mtima chotani, sangatulutse zonse zimene zafika pa desiki pake. Ukafuna buku, phiri linali lalitali kuposa pamenepo. Msika wa mabuku ku Malawi watsamira pa mabuku a sukulu, choncho wosindikiza amayamba wadzifunsa ngati bukulo lingalowe m'kalasi. Zolemba zabwino zambirimbiri zinathera m'makope, ndipo makopewo anadyedwa ndi chiswe.

Intaneti yatsegula makomo ena, ndipo phindu lake si lochepa. Cholemba chimene mwamaliza usiku chingawerengedwe m'mawa ku Mchinji, ku Chipata, ku Angónia, ku Harare ndi ku Johannesburg, osalipira mtengo wa pepala kapena wa basi. Palibe wokuuzani kuti mudule nkhani yanu ikwane theka la tsamba. Mukaona kuti munalakwitsa dzina kapena chaka, mumakonza pomwepo, pomwe m'buku losindikiza cholakwikacho chimakhala mpaka kalekale. Owerenga amakuyankhani, ndipo mayankho awo amaphunzitsa: mumadziwa pamene nthano yanu inawagwira mtima ndi pamene anayamba kuyasamula. Komanso pali phindu lina loposa la mlembi mmodzi. Chichewa chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri, koma pa intaneti n'chosowa modabwitsa. Wikipedia ya Chichewa sinafike n'komwe nkhani 2,000. Mwana wa sekondale akasaka pa Google tanthauzo la mwambi kapena mbiri ya kwawo m'chiyankhulo chake, kawirikawiri amabwerako chimanjamanja. Cholemba chilichonse chabwino chimene chaikidwa poyera chimachepetsako umphawi umenewu.

Koma mawu akuti "pa intaneti" akubisa malo ambiri osiyana, ndipo malo aliwonse amapatsa china n'kulanda china. Ine ndikawayeza ndimafunsa zinthu zinayi. Kodi wowerenga wanga, ndi bandulo imene amagula, angafikeko? Kodi cholembacho chidzapezeka pakatha zaka zisanu? Kodi tsiku limene kampaniyo idzatseke kapena kunditsekera akaunti, ndidzatuluka ndi zolemba zanga ndiponso owerenga anga? Ndipo kodi ndalama, ngati zilipo, zingafike m'thumba la munthu wokhala ku Zomba kapena ku Katete?

Facebook: kumene kuli anthu

Tiyambe ndi kumene ambiri tili kale. Kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ochuluka, Facebook ndiyo inali khomo loyamba la intaneti. Pulogalamu ya Internet.org, yolola anthu kutsegula Facebook ndi masamba ena ochepa osalipira data, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, inayambira ku Zambia mu 2014 pa netiweki ya Airtel, ndipo inafika ku Malawi mu 2015. Mpaka lero Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a Facebook ndi WhatsApp paokha, otsika mtengo kusiyana ndi bandulo yotsegula chilichonse. Tanthauzo lake kwa mlembi ndi lalikulu: mayi wogulitsa tomato ku msika wa Limbe angathe kuwerenga nthano yanu pa Facebook, koma mukamutumizira linki yopita kwina, foni yake ikhoza kukana kutsegula.

N'chifukwa chake nthano zotuluka m'magawo zimachita bwino kwambiri pa Facebook. Mlembi amaponya gawo loyamba lero, lachiwiri mawa, ndipo m'munsimo owerenga amakangana za mkazi wa m'nthanoyo ngati ndi mnansi wawo. Mphamvu imeneyi musaipeputse. Mlembi amene akudziwa kuti anthu akudikira gawo la 12 amakhala pansi n'kulemba, ngakhale tsiku limene alibe chilakolako. Malo olembapo ndi okwanira, chifukwa positi imodzi imalola zilembo zoposa 63,000, zomwe n'zokwana nthano yaitali ndithu.

Vuto la Facebook ndi kuiwala. Positi imakhala ndi moyo masiku awiri kapena atatu, kenako imakwiririka. Wowerenga watsopano amene wakupezani pa gawo la 30 ayenera kutsetsereka ndi chala mpaka kutopa kuti apeze gawo loyamba. Google siwona bwino zambiri za mkati mwa Facebook, choncho wosaka ndakatulo za maliro kapena malangizo a ulimi wa soya sadzafika pa zimene munalemba chaka chatha. Si onse okutsatirani amene amaona zimene mwaponya. Makina a kampaniyo ndiwo amasankha, ndipo amakonda zimene zikuutsa mkangano kapena kuseketsa msanga. Pang'onopang'ono mlembi amayamba kulembera makinawo: chiwembu pa gawo lililonse, chigololo pa gawo lililonse, chifukwa n'zimene zikubweretsa malaiki. Izi zimandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse, chifukwa zimawononga luso mwakachetechete, mwini wake akusangalala ndi manambala.

Onjezanipo kuti kampaniyo imasintha zinthu osakufunsani. Kale kunali Facebook Notes, malo okonzedwera zolemba zazitali, okhala ndi mutu ndi chithunzi chapamwamba. Mu October 2020 anawachotsa, ndipo ambiri amene ankasungirako ndakatulo zawo anavutika kuzipezanso. Akaunti nayo imabedwa kapena kutsekedwa, ndipo kuibweza si nkhani yapafupi. Ikapita, mayina a okutsatirani apita nayo.

WhatsApp: pafupi kwambiri, koma mosakhalitsa

WhatsApp imafika kumene Facebook siifika. Agogo amene sanatsegulepo tsamba lililonse la pa intaneti ali pa gulu la mpingo kapena la banja. Gulu limodzi limalola anthu 1,024, ndipo kuchokera mu 2023 kuli WhatsApp Channels, kumene mlembi amaponya yekha, omutsatira n'kumawerenga popanda kuonerana manambala a foni. Kwa wolemba malangizo a ulimi, maulaliki afupiafupi kapena ndakatulo ya m'mawa uliwonse, njira imeneyi ndi yamphamvu zedi, chifukwa uthenga umagwera m'dzanja la munthu. Wolemba ndakatulo angathenso kuilakatula ndi mawu ake, ndipo amene sadziwa kuwerenga amamva nawo.

Pa funso la kukhalitsa, WhatsApp ndiyo yofooka kuposa onse. Za pa status zimafufutika pakatha maola 24. Za pa Channel kampaniyo imazisunga masiku 30 okha, ndiye wobwera mochedwa sapeza zakale. Za pa gulu zimakhala m'mafoni a anthu, ndipo foni ikadzaza, choyamba kufufutidwa ndi nkhani zazitalizo. Palibe Google yofikako.

Palinso kubedwa kwa dzina. Cholemba chikayamba kuyenda m'magulu, wina amadula mzere wa pansi pamene panali dzina lanu, wina amaikapo lake, ndipo pakatha sabata chimabwerera kwa inu ngati cha munthu wina. Pa WhatsApp mulibe poloza kuti anthu aone tsiku limene munachitulutsa koyamba. Ndiye WhatsApp ndi yabwino potumiza, osati posunga.

Blog yanuyanu: Blogger ndi WordPress

Apa ndiima nthawi yaitali, chifukwa ndi pamene ndikuona kuti alembi a Chichewa ambiri akutaya mwayi. Facebook ndi WhatsApp zili ngati msika: kuli anthu, kuli phokoso, katundu amayenda, koma dzuwa likalowa aliyense amalongedza. Blog, lomwe ndi tsamba lanulanu loikapo zolemba pa intaneti, ndi nkhokwe. Palibe amene amasunga chimanga chake cha chaka chonse pa benchi ya ku msika, komabe alembi ambiri zolemba zawo zonse za zaka khumi zili pa Facebook pokha.

Blogger inayamba mu 1999 ndipo Google inaigula mu 2003. Ndi yaulere kotheratu. Ngati muli ndi akaunti ya Gmail, yomwe aliyense wa foni ya Android ali nayo kale, mungatsegule blog m'mphindi zochepa, adiresi yake n'kuthera ndi blogspot.com. Siikuikirani zotsatsa malonda mokakamiza, masamba ake ndi opepuka mukasankha maonekedwe osavuta, ndipo mukadzagula dzina lanulanu la pa intaneti mungalilumikize osalipira china kwa Google. Kuipa kwake n'kwakuti yakalamba ndipo Google siikuisamala kwenikweni. Kampani imeneyi ili ndi mbiri yotseka zinthu: Google Reader inatsekedwa mu 2013, Google+ mu 2019. Chotonthoza n'chakuti Blogger imakulolani kutsitsa zolemba zanu zonse m'fayilo imodzi, imene WordPress imatha kuilandira.

WordPress inayambitsidwa mu 2003 ndi Matt Mullenweg ndi Mike Little, ndipo lero mawebusaiti oposa 40 peresenti a pa dziko lonse amayendera pulogalamu imeneyi. Ili mitundu iwiri, ndipo ambiri amaisokoneza. WordPress.com ndi kampani imene imakusungirani blog. Ili ndi gawo laulere, koma pa gawo limenelo amaika zotsatsa malonda zawo pa masamba anu ndipo malo a zithunzi ndi ochepa. WordPress inayo ndi pulogalamu yaulere imene mumaiika pa malo amene mwachita lendi kwa kampani yosunga mawebusaiti. Imeneyi imakupatsani ufulu wonse, koma imafuna ndalama chaka ndi chaka ndiponso munthu woisamalira kuti akuba asalowemo. Ngati ndalamazo zili m'madola, ganizirani kawiri. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti kulipira ndi khadi la ku banki kuzivuta. Webusaiti imene simunailipirire imazimitsidwa, ndipo dzina lake wina akhoza kuligula. Kwa woyamba kumene, ndi bwino blog yaulere imene idzakhalepo kusiyana ndi yokongola imene idzazime chaka chamawa.

Chimene blog imapereka n'chimene enawo alibe. Cholemba chilichonse chimakhala ndi adiresi yake ndi tsiku lake. Mungasanje nthano m'magawo, ndakatulo paokha, nkhani za mbiri paokha, ndipo wowerenga watsopano amayambira poyambira. Google imazipeza, ndipo popeza zolembedwa m'Chichewa n'zochepa, mpikisano ulinso wochepa: amene walemba bwino za kaphikidwe ka thobwa, za mwambo wa chinkhoswe kapena za kasamalidwe ka nkhuku za mikolongwe akhoza kukhala pamwamba pa zotsatira kwa zaka zambiri. Mkonzi wa nyuzipepala, wosindikiza mabuku kapena bungwe lofuna womasulira likakufunsani ntchito yanu, mumangotumiza linki imodzi. Ndipo wina akakuberani ndakatulo, muli ndi poloza.

Kuti Google ikupezeni, kalembedwe kanu kakhale kokhazikika. Chidule cha pa meseji, chodula zilembo ndi kusakaniza manambala m'mawu, palibe amene amachisaka. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo kuyambira nthawi ya Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchitoyo inapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Simufunika kukhala katswiri, koma sankhani kalembedwe kamodzi n'kukatsatira.

Kufooka kwa blog n'kwachidziwikire: palibe amene amangodutsapo. Mukatsegula lero n'kungokhala, mwezi ukhoza kutha osabwera munthu. Owerenga muyenera kukawatenga, ndipo apa m'pamene vuto la bandulo limabwereranso. Malipoti a kampani ya Meta yomwe, mwini wake wa Facebook, amasonyeza kuti zochuluka kwambiri zimene anthu amaona pa Facebook ndi zopanda linki yotulukira kunja. Choncho musamangoponya linki yokha n'kumadikira. Ikani cholemba chonse pa blog poyamba, kenako chikopereni chathunthu pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndi dzina lanu ndi adiresi ya blog pamwamba ndi pansi. Wa bandulo yochepa wawerenga, ndipo choyambirira chasungika. Muchepetsenso zithunzi. Nkhani ya mawu 1,000 siikwana n'komwe 10 KB, pomwe chithunzi chimodzi chojambula ndi foni chingapose 3 MB. Wowerenga amene data yake yathera pa chithunzi chanu sabweranso.

Medium: yokongola, koma ya anthu ena

Medium inayambitsidwa mu 2012 ndi Evan Williams, yemwe anali m'gulu loyambitsa Blogger ndi Twitter. Polembapo pake ndi poyera, posasokoneza maso, ndipo palibe zotsatsa malonda. Simuvutika ndi kukonza maonekedwe, mumangolemba. Ili ndi owerenga ake amene amazungulira kufuna zowerenga, komanso magulu a akonzi amene amalandira zolemba za anthu ena.

Ambiri amakopeka ndi nkhani yakuti Medium imalipira. Zoona, kuyambira mu 2017 ili ndi dongosolo lolipira alembi, koma mvetsani kumene ndalamazo zimachokera. Owerenga amalipira madola 5 pamwezi, ndipo mlembi amagawiridwa malinga ndi mmene mamembala olipirawo awerengera zolemba zake. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2024, madola 5 anali oposa K8,000. Ndi angati mwa owerenga Chichewa amene amapereka ndalama zotere mwezi ndi mwezi? Ndipo kuti mupeze kanthu muyenera kutsekera cholemba chanu kuseri kwa mpanda wa olipira, kutanthauza kuti mwatsekera kunja anthu enieni amene munawalembera. Owerenga a Medium ambiri ndi a Chingerezi, ndipo zimene imakankhira patsogolo n'za Chingerezi. Ngati mumalembanso m'Chingerezi za ntchito yanu, za ndale kapena za ukadaulo, ndipo mukufuna kuti anthu akunja akudziweni, Medium ingakuthandizeni. Kwa nthano ya Chichewa, ubwino wake ndi kukongola kokha.

Substack: mndandanda uli m'manja mwanu

Substack inayamba mu 2017, oyambitsa ake ndi Chris Best, Hamish McKenzie ndi Jairaj Sethi. Nzeru yake ndi yosavuta: mukalemba, cholembacho chimakhala pa tsamba lanu ngati blog, komanso chimatumizidwa ku imelo ya aliyense amene analembetsa. Palibe makina osankha kuti uyu aone, uyu asaone. Choposa zonse, mndandanda wa maimelowo ndi wanu. Mungautsitse tsiku lililonse n'kusamuka nawo. Kufunika kwa zimenezi kunaoneka pamene malo ena awiri otumizira zolemba pa imelo anatsekedwa, Revue ya Twitter mu January 2023 ndi TinyLetter mu 2024: alembi amene anatsitsa mindandanda yawo anangosamukira kwina n'kupitiriza. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Okutsatirani 20,000 a pa Facebook ali pachala; maimelo 300 amene muli nawo m'fayilo ali pamphuno.

Kulemba pa Substack n'kwaulere. Mukayamba kulipiritsa, kampaniyo imatenga 10 peresenti, ndipo Stripe, imene imayendetsa malipiro, imadulanso yake. Apa m'pamene khomo limatsekekera ambiri a ife: Stripe silola munthu kutsegula akaunti ndi banki ya ku Malawi kapena ya ku Zambia. Mlembi wokhala ku London kapena ku Dublin alibe vuto limeneli, ndipo ngati owerenga ake ndi Amalawi a kunja amene ali ndi makadi a ku banki ndiponso akusowa nkhani za kumudzi m'chiyankhulo chawo, Substack ikhoza kumuyendera bwino kwambiri.

Kwa owerenga a kumudzi kuno, chopinga china ndi chizolowezi. Ambiri ali ndi imelo chifukwa foni inawakakamiza potsegula, koma satsegulamo pokhapokha akamafunsira ntchito kapena malo a sukulu. Ndiye Substack imayenera wolembera aphunzitsi, ophunzira a ku yunivesite, ogwira ntchito m'maofesi ndi abale a kunja. Ngakhale osalipiritsa, ingagwire ntchito ngati blog yaulere yopanda zotsatsa malonda, ndipo pa ntchito imeneyi ndimaiona ngati yopikisana ndithu ndi Blogger.

Wattpad, Amazon ndi African Storybook

Wattpad inayambira ku Toronto mu 2006, ndipo mu 2021 inagulidwa ndi kampani ya Naver ya ku South Korea pa mtengo wa madola pafupifupi 600 miliyoni. Inapangidwira nthano za m'magawo: mitu imasanjika bwino, wowerenga amapitiriza pamene analekezera, ndipo angathe kuikira ndemanga pa ndime iliyonse. Pa kasanjidwe imaposa Facebook kutalitali. Koma owerenga Chichewa kulibe ambiri kumeneko, choncho muyenera kubwera nawo nokha, iwo n'kutsitsa pulogalamu ina pa foni yodzaza kale. Ndingaiganizire pokhapokha ngati nthano yanu ndi yaitali kwambiri ndipo owerenga anu ndi achinyamata a m'tauni.

Amazon KDP, yomwe inayamba mu 2007, imalola munthu kutulutsa buku lake yekha n'kulandira 35 kapena 70 peresenti ya mtengo wake likakhala lowerengera pa foni kapena pa kompyuta. Musanataye nthawi, dziwani kuti ili ndi mndandanda wa ziyankhulo zimene imalandira. Afrikaans ilipo, Chichewa palibe. Kwa buku la Chingerezi njira ndi yotseguka, ngakhale kuti boma la America limadula msonkho wa 30 peresenti pa zogulitsidwa kumeneko kwa alembi a m'mayiko amene alibe nalo pangano la misonkho.

Wolemba nthano za ana ayang'ane African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa imene inatsegulidwa mu 2014. Ili ndi timabuku ta zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo chathu, ndipo munthu angalembe katsopano kapena kumasulira kamene kalipo. Kulibe malipiro, ndipo mumavomereza kuti ena akopere ndi kusindikiza mwaulere bola atchule dzina lanu. Phindu lake ndi lakuti mphunzitsi wa Sitandade 2 amene alibe mabuku okwanira angathe kutsitsa n'kuwerengera ana.

Nanga ndalama?

Ndinene mosabisa: pa malo onsewa, palibe amene anamangidwa poganizira mlembi wa Chichewa wofuna kudya za thukuta lake. Ambiri amatsegula blog ndi chiyembekezo cha Google AdSense, imene imalipira mwini blog chifukwa choonetsa zotsatsa malonda, osadziwa kuti AdSense ili ndi mndandanda wa ziyankhulo zololedwa ndipo Chichewa sichili pamenepo, ngakhale kuti Google Translate inachilandira kale mu 2014. Ngakhale kwa wolemba Chingerezi, salipira mpaka ndalama zitakwana madola 100. 

Ndalama zimene ndimaona kuti n'zotheka zimadzera njira zathu zomwe. Mlembi amatulutsa magawo oyamba mwaulere, ndipo ofuna buku lonse amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ku Zambia pa MTN kapena Airtel, iye n'kuwatumizira PDF kapena kuwalowetsa m'gulu lapadera. Abale a ku Joni angatumize kudzera ku Mukuru. PDF ikatuluka imagawidwa, zimenezo musadzinamize, choncho mtengo ukhale wotsika moti munthu aone kuti kugula n'kosavuta kuposa kupempha, ndipo dzina lanu ndi nambala yolipirira zikhale pa tsamba lililonse. Sitolo kapena sukulu ya m'dera lanu ingathenso kulipira kuti muitchule pa blog, popanda kudzera ku kampani yakunja. Koma kawirikawiri phindu lalikulu limabwera mozungulira: wina wawerenga zolemba zanu n'kukupatsani ntchito yomasulira, yolemba sewero la pa wailesi, yokonza buku kapena yolakatula pa mwambo. Ntchito zoterezi zimapita kwa munthu amene zolemba zake zikupezeka pamalo amodzi.

Malamulo amakutsatirani

Kusakhala ndi mkonzi ndi ufulu, komanso ndi katundu. Walira mvula walira matope. Ku nyuzipepala kuli munthu amene amakuletsani kutchula dzina la wina pa mlandu umene mulibe nawo umboni; pa intaneti muli nokha. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza zolembedwa pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene anaponya pa Facebook ndi pa WhatsApp. Pezani mnzanu mmodzi wa maso akuthwa woti aziwerenga musanatulutse. Adzakupulumutsani ku milandu, komanso ku ziganizo zopunduka.

Kumbali ya umwini, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza cholemba chanu, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira nkhani zimenezi. Makampani onse amene ndatchulawa salanda umwini; mumangowapatsa chilolezo choonetsa zolembazo. Chenjezo lina ndi la mipikisano: yambiri imafuna nthano imene sinatulukepo kwina kulikonse, ndipo ina imawerengera ngakhale positi ya pa Facebook. Nthano imene mukuisungira mpikisano kapena wosindikiza musaiponye musanawerenge malamulo awo.

Ndikanakhala inu

Wolemba nthano za m'magawo asachoke pa Facebook, chifukwa owerenga ake ali komweko, koma gawo lililonse liyambe laikidwa pa Blogger kapena pa WordPress.com, ndipo pakhale tsamba limodzi losanja magawo onse. Wolemba ndakatulo achitenso chimodzimodzi, n'kuwonjezera Channel ya WhatsApp yolakatulirapo ndi mawu. Wolemba za ulimi, zaumoyo, mbiri kapena miyambo aike mphamvu zake zambiri pa blog, chifukwa zolemba zake sizitha ntchito ndipo anthu adzazisaka chaka ndi chaka nyengo yake ikafika. Wokhala kunja, kapena wolembera anthu otsegula imelo tsiku lililonse, atenge Substack. Medium ndi Amazon zisiyireni zimene mumalemba m'Chingerezi.

Kulikonse kumene mwasankha, musalembere mwachindunji m'bokosi la Facebook kapena la blog. Magetsi akazima kapena netiweki ikagwa, ndime zanu zipita. Lembani mu Google Docs, mu Word kapena m'pulogalamu ya manotsi ya pa foni, kenako mukopere. Mu 2019 webusaiti yochezerapo ya MySpace inavomereza kuti inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kuyambira 2003 mpaka 2015 posamutsa makompyuta ake, ndipo oimba amene analibe kope lina anataya zonse. Kamodzi pa miyezi itatu tsitsani zolemba zanu: Blogger, WordPress, Medium ndi Substack zonse zili ndi batani lake, ndipo Facebook ili ndi njira yotsitsira zonse za pa akaunti yanu. Fayiloyo muisunge pawiri, ina pa Google Drive, ina pa memori khadi kapena pa fulashi. Yatsaninso chitetezo chofuna nambala yachinsinsi yachiwiri polowa mu akaunti, ndipo nambala ya foni imene munalembetsera muziigwiritsa ntchito, chifukwa SIM khadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga obwezeretsera akaunti yanu azipita kwa iyeyo.